Oyilo pa Masitepe a Bambo Gant

Baltimore,
22 Okutobala 2023

Okondedwa Achemwali Odessa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Percy, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuzunzani. Kuno kwayamba kuzizira. Mitengo ya mu paki ikuyoyola masamba, ndipo ine ndatulutsa kale jekete langa lakuda la kuntchito. M'thupi ndili bwino.

Pa foni paja munandifunsa kuti, "Wendell, mwanayu wafika kuno ndi kachikwama kamodzi, sakudya, sakuyankhula, wamutani?" Ine ndinati ndi zachibwana, zitha zokha. Sizinali zoona, Achemwali. Pa foni sindikanatha kunena, n'chifukwa chake ndatenga pepala. Muwerenge muli nokha.

Chimwalirire mkazi wanga Maxine, nyumba ino yakhala ngati ya alendo awiri ochita lendi. Ine ndimadzuka, kuvala suti, kupita kwa a Whitlock kukayendetsa galimoto ya maliro. Mwana wathu Jalisa amapita kusukulu. Madzulo timakumana patebulo, ndimufunse za sukulu, iye ati bwino, nkhani yathera pomwepo. Amene ankadziwa kumuyankhulitsa anali amayi ake. Ine ndinkati bola ndikumudyetsa ndi kumuveka, zinazo zidzabwera zokha.

Anyamata a njinga zamoto aja mukuwadziwa, amene amadzaza msewu Lamlungu masana ataimika njinga pa tayala lakumbuyo lokha. Ena a iwo ndawanyamulapo ine. Mnzawo akamwalira amabwera onse atavala malaya osindikiza nkhope yake, n'kuizinga galimoto yanga kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda, matayala akutsogolo ali m'mwamba. Anthu m'mbali mwa msewu amaimba mluzu ndi kujambula. Ine ndikayang'ana pagalasi ndimaona mayi wa mwanayo m'galimoto yotsatira. Iwowo saona zimenezo. Choncho njinga zimenezi sindinazikondepo. Ngakhale pa maliro a Maxine anabwera angapo n'kumatitsatira chapatali. Inu munafunsa kuti ndani amenewa, ine ndinati ndi ana opanda mwambo ongotsata maliro alionse.

Mu Ogasiti, tsiku lina kukutentha, Jalisa anatsika m'chipinda chake atavala kabudula. Ndinaona chipsera pakatumba ka mwendo wake wamanja. Chipsera chotero ndimachidziwa, ndachiona pa miyendo ya anyamata amene timasambitsa kuntchito. N'cha ekizozi ya njinga, paipi yotentha yotulutsa utsi ija.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Simbi, Adadi."

"Masiku ano mukusita miyendo?"

"Inagwa."

"Iwe, ndine bambo ako. Ndi mnyamata uti akukukweza pa njinga?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati pali china akufuna kunena. Kenako anangoti, "Palibe," n'kutenga botolo la madzi mufiriji, wapita.

Ndinayamba kumuzonda, ngakhale ndikuchita manyazi kulemba mawu amenewa. Loweruka lina ndinamuona akulowa m'kagalaja ka m'kanjira ka kuseri kwa nyumba zathu pamodzi ndi Dontay. Dontay simukumudziwa. Ndi bambo wa zaka ngati makumi atatu, mikono yonse yolembalemba, amakonza njinga ndipo anyamata onse a njinga amamumvera. Chitseko chili chotsegula ndinaona njinga zili ndandanda m'katimo. Mutu wanga unathamangira kumodzi basi: munthu wamkulu ngati ameneyu akufuna chiyani kwa mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi? Ndinamuona kale mwana wanga atakhala kumbuyo kwake, atamugwira m'chiuno, kenako ndinamuona patebulo losambitsirapo maliro kuntchito kwathu.

Ndikanatha kupita kukagogoda pa galajapo. N'pafupi, ngakhale mutavala masilipasi mumafika. Sindinapite. Pali nambala ija apolisi amalengeza, yoti ukadziwa kumene kukusungidwa njinga uziimba, dzina safunsa. Lolemba, pa nthawi ya nkhomaliro, ndinaima kuseri kwa galimoto ya maliro n'kuimba.

Patangopita masiku ochepa anabwera ndi lole, n'kudula loko, n'kutenga njinga zonse. Jalisa sanalire. Anangokhala pansi m'khichini atatsamira firiji. Ine mumtima ndinati ndapulumutsa mwana. Mpaka ndinakagula nkhanu madzulo ake, n'kuzikhuthula patebulo pa nyuzipepala ngati mmene Maxine ankachitira. Anadya mwendo umodzi.

Chimene sindinaganizire n'chakuti msewu uno sungagone usanapeze amene ananeneza. Ndipo unamupeza msanga. Bambo Alphonso Gant mukuwakumbukira, a nyumba ya pakona, amene ankagawa makalata ife tili ana. Tsopano akalamba, amakhala okha. Zaka zonsezi njinga zikamadutsa amatulukira pawindo n'kukuwa kuti, "Ndikuitanirani apolisi, zigawenga inu!" Imeneyo inali nyimbo yawo ya Lamlungu lililonse, ndipo anyamata ankawayankha ndi hutala. Ndiye njinga zitatengedwa palibe anafunsanso kawiri.

Mukudziwa mmene mkulu ameneyu amakondera masitepe ake a mwala woyera aja. Loweruka lililonse amagwada ndi ndowa ndi burashi kuwakwecha, ngati mmene amayi athu ankatikwechetsera athu. Mumsewu monse muno ndi iwo okha atsala ochita zimenezo. M'mawa wina anadzuka n'kupeza wina wathirapo oyilo wakuda wochotsa mu injini, kuyambira pakhomo mpaka pansi. Mwala umene uja umamwa oyilo ngati buledi mu tiyi. Ana akamapita kusukulu ankakuwa kuti, "Kazitape! Mdala kazitape!" Kugolosale anthu anasiya kuwayankha moni.

Ine ndinatenga burashi yanga n'kupita kukawathandiza. Tinagwada limodzi, thovu likuda, mwala osayera.

"Wendell," anatero, "ine pakamwa ndiye ndili napo, sindikana. Koma foni sindinaimbe ayi. Ndikaneneze ana oti ndinawaona akukwawa? Dontay ameneyu ankandithamangira kudzandilanda makalata a agogo ake ali mbulanda."

"Ndikudziwa, bambo."

"Ukudziwa bwanji?"

"Ndimakudziwani."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mumsewu muno munthu watsala ndiwe wekha," anatero. "Enawa ndi nkhuku."

Achemwali, ndinapitiriza kukwecha. Loweruka lotsatira ndinapitanso, ndi linalo. Nthawi iliyonse ndinkati lero ndinena, koma ndinkabwerako manja atatuwa, mawu ali m'kamwa momwemo.

Kumayambiriro kwa mwezi uno ndinapeza tikiti patebulo, pansi pa botolo la mchere. Jalisa anati, "Kuli filimu Loweruka masana ku holo ya kusukulu. Anaijambula konkuno chaka chatha. Mubwere." Ndinakumbukira kuti chaka chatha kunalidi achinyamata ena a kukoleji amene ankatseka msewu ndi makamera awo. Nthawi imeneyo ine mutu unali kuchipatala ndi Maxine, sindinalabadire. Koma poti aka kanali koyamba mwanayu kundipempha kanthu chimwalirire amayi ake, ndinapempha mnzanga kuti andigwirire maliro a tsikulo, ndinapita.

Holo inadzaza. Jalisa anakhala kutsogolo ndi anzake, ine ndinapeza malo pakati, pafupi ndi mayi Yvette a saluni. Filimuyo ndi ya mnyamata amene mkulu wake anafa, ndiye iye akufuna kulowa gulu la njinga, amayi ake akukana. Zambiri sindinazitsate, anthu ankangokuwa akaona nyumba yawo kapena galu wawo. Koma chakumapeto mnyamata uja anavala chipewa chake cha njinga chobisa nkhope, n'kulowa mumsewu waukulu. Anadzutsa tayala lakutsogolo pang'onopang'ono mpaka njinga inaima chilili ngati munthu. Kenako anaika bondo pampando, n'kusiya dzanja limodzi, n'kulitsitsa kumbuyo mpaka zala zinakhudza phula. Anayenda choncho kudutsa magolosale onse, osagwedezeka, ngati msewu ndi madzi.

Holo yonse inaimirira. "Tombolombo! Tombolombo!"

Ine amene ndimadana ndi njinga ndinapezeka ndatsegula kukamwa. Ndinawagwira mayi Yvette pamkono n'kunena kuti, "Komatu mnyamata ameneyu ndi katswiri. Ndi wa kwa yani?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "A Wendell, mukucheza?"

"Ayi, ndikufunsa."

"Mnyamata wake uti? Uja woonetsa nkhope uja ngakhale njinga yakapalasa imamugwetsa. Akavala chipewa ndi mwana wanu ameneyo!" Kenako anatembenukira kumbuyo, mukudziwa pakamwa pawo. "Anthuni, tamvani kuno! Bambo ake a Tombolombo akufunsa kuti Tombolombo ndi wa kwa yani!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Sanaseke mwachipongwe, ankayesa ndikuchita nthabwala. Bambo wina anandimenya paphewa n'kuti, "Madala, inunso ndinu a filimu!" Msewu wonse unkadziwa, Achemwali. Ana a m'kalasi yoyamba ankadziwa. Ine ndekha, wogona naye nyumba imodzi, ndinali ndisanaganizepo n'komwe kuti mtsikana angakhale kutsogolo atagwira yekha mahandulo.

Ndikuuzeninso ichi, poti ndayamba kale kunena zoona. Ndinaopa kwambiri. Koma zinali zokongola. Sindinaonepo munthu wa magazi athu akuchita chinthu chokongola chotero.

Filimu itatha anamuitanira kutsogolo. Mwana amene kunyumba amayankha ndi mawu amodzi anagwira maiki n'kuyankhula ngati munthu wamkulu. Anati amene anamutengera kwa Dontay ndi amayi ake. Akuti Maxine atamugwira akubwereka njinga za anyamata, anapita yekha ku galaja kuja n'kumuuza Dontay kuti, "Kumuletsa ndalephera. Ndiye umuphunzitse bwinobwino, chipewa chisachoke kumutu, sukulu ikatsika njinga aiiwale, ndipo akakalika pena paliponse udzayankha kwa ine." Akuti ankapita naye pabwalo loimikapo magalimoto kuseri kwa msika wotsekedwa uja, Maxine n'kukhala pampando wake wopinda, atafunda bulangete ngakhale kukutentha, poti mankhwala anali atayamba kumufooketsa. Nthawi zimenezo ine ndinkakhala ndili kumanda ndi maliro a eni. Anyamata aja anatitsatira pa maliro ake aja ankaperekeza munthu wawo.

"Amayi ankati Adadi tidzawauza ndikadzadziwa kwenikweni, kuti asadzaope," anatero Jalisa. "Amayiwo anamwalira tsikulo lisanafike. Koma Adadi lero abwera. Ali apo."

Anandiloza. Anthu anaomba m'manja, ena kundikoka kuti ndiimirire. Ndinaimirira. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Nanga njinga ya Tombolombo ili kuti?" Wina n'kuyankha, "Kafunseni mdala wa oyilo!" Holo yonse inachita phokoso lonyoza. Ine ndili chiimire, anthu akundigwira chanza, akuti mwabereka, madala, mwabereka.

M'mawa mwake sindinapite kutchalitchi. Ndinasuzumira pawindo n'kuona Bambo Gant atagwadanso ndi ndowa yawo, ngakhale linali Lamlungu. Jalisa anali atakhala pakhomo pathu akumanga zingwe za nsapato. Ndinamuuza kuti anditsate. Tinawoloka msewu.

"Bambo Gant," ndinatero, "ndi iwe Jalisa. Amene anaimbira apolisi ndine."

Mkulu uja anaika burashi mundowa mosafulumira. "Bwerezanso, makutu anga ndi akale."

"Ndine ndinaimba. Ndinamuona akulowa m'galaja ndi Dontay, ndinaganiza zoipa. Ndakhala chete nthawi yonseyi inu mukutukwanidwa."

Ndinkayembekeza kuti Jalisa akuwa, kapena andimenya kumene. Sanatero. Nkhope yake inangotuwa, maso ali pa masitepe aja. Atayankhula, mawu ake anali aang'ono ngati a mwana wa mkaka.

"Oyiloyu ndinathira ndine."

Basi inadutsa.

"Ambuye Yesu," anatero Bambo Gant. "Banja lonseli ndi lamisala. Bambo foni, mwana oyilo. Nanga ine ndinalakwa chiyani? Kukhala ndi masitepe?"

Jalisa anagwada n'kutulutsa burashi mundowa. "Pepani, Agogo," anatero, ndipo anayamba kukwecha. Ndinati ndimuthandize, iye anati, "Musandiyandikire." Anakwecha mpaka dzuwa kufika pamutu, zala zitasupuka. Bambo Gant anamuletsa, osamva. Potsiriza analowa m'nyumba n'kumubweretsera madzi akumwa, ine osandiyang'ana n'komwe.

Madzulo ake ndinamupeza akulongedza kachikwama kaja. Ndinaima pakhomo la chipinda chake.

"Ndipita kwa azakhali," anatero.

"Njinga tingathe kupeza ina, mwanangu."

"Si za njinga, Adadi."

"Nanga sukulu?"

"Munkabwera kuno manja atatuwa ndi sopo, ine n'kumati bambo anga ndi munthu wabwino, akukwecha zoipa zanga. Ndinkalephera kudya. Kangapo ndinafuna kukuuzani." Anatseka zipi. "Pano ndikakuyang'anani ndikumva manyazi, ndipo sindikudziwa ngati ndi anu kapena anga."

Ndinamuperekeza kudepoti m'mawa mwake. Pokwera basi sanacheuke. Zotsatira zake mukuzidziwa ndinu.

Lamlungu lapitali ndinapita kupaki kumene amasonkhana asanalowe mumsewu. Ndinavala suti yanga ya kuntchito, sindikudziwa chifukwa chake. Atandiona anayamba kukuwa kuti, "Eee, bambo ake a Tombolombo! Apatseni njinga madala atiphunzitse!" Ndinapita kwa Dontay n'kumuuza pamaso pa onse, kuti amusiye mkulu uja, wolakwa ndine. Injini zinazima imodziimodzi.

Dontay anandiyang'ana akupukuta manja ndi kansanza. "Madala," anatero, "mukanabwera n'kundiwomba mbama, ndikanamva. Mukanandifunsa kuti iwe galu, ukutani ndi mwana wanga, ndikanakukhazikani pansi. Koma foni? Njinga zija n'zimene ndimaphunzitsira ana. Ina inali ya malemu mng'ono wanga."

Mnyamata wina anayamba kundiyandikira akutukwana. Dontay anangotambasula mkono.

"Mayi Maxine ankati amuna awo ndi amantha koma ndi abwino," anatero. "Chifukwa cha iwowo palibe akukhudzeni. Pitani, madala."

Ndinapita. Ndafunsa za njingazo kumene anazitengera, akuti zopanda mapepala sizibwezedwa. Anyamata ena apita kwa Bambo Gant ndi mankhwala otsukira mwala. Banga lacheperako koma likuonekabe. Mkuluyo anthu ayambanso kumupatsa moni, ndipo lero ndamva akukuwiranso anyamata a njinga pawindo, iwo n'kumuyankha ndi hutala. Ine sanandiyankhulebe. Dzina lija ana ankawaitana nalo tsopano ndi langa. Ndimalimva ndikamapita kuntchito, ndipo sindicheuka, poti salakwitsa.

Tsopano zopempha zanga, Achemwali. Aphunzitsi ake aimba kufunsa za iye, ndawauza kuti ali kwa azakhali ake pa zifukwa za pabanja. Akuti atha kumamutumizira ntchito pa foni kwa kanthawi, chonde muzimukumbutsa. Zala zake muzione ngati zapola. Sakonda mazira ofewa koma sanganene, amangowasuntha m'mbale. Jekete lake lofunda analisiya, ndilitumiza ndi positi sabata ino. Musamukalipire za oyilo uja, wadzikalipira yekha mokwanira. Ndipo musamukakamize kubwerera. Ndikufuna abwere, Mulungu akudziwa, koma abwere ndi miyendo yake.

Tsiku lina mukadzaona kuti mtima wake watsika, mudzamuuze kuti sindingamulonjeze kuti ndisiya kuopa. Ntchito yanga ndi yomweyi, zimene ndimaona ndizionabe. Mmodzi wa ojambula aja anandiikira filimuyo mufoni. Pofika pamene amatsitsa dzanja paja ndimatsinzinabe, koma ndikuyesetsa. Akadzabwera, ndipo akadzalola, ndikufuna ndidzaime m'mbali mwa msewu ndimuone ndi maso angawa, ngakhale anthu onse atandiloza chala.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Percy, muwathokoze pomulandira mwanayu osafunsa zambiri. Moni kwa Renita ndi ana ake, ndi kwa abusa anu amene anatipempherera pa maliro paja. Kwa Jalisa sindikudziwa ngati ndili nacho chilolezo chopereka moni. Muyambe mwamuyang'ana nkhope. Mukaona kuti n'zotheka, mumuuze kuti bambo ake akupereka moni. Mukaona kuti ayi, musamuvutitse nawo, ingousungani. Ndidzatumiza moni wina sabata yamawa.

Ndine mlongo wanu,
Wendell